Kuyambitsa bungwe losunga mbiri ya yunivesite: ndondomeko kwa ophunzira ndi aphunzitsi awo

Nthawi zonse ikayandikira nyengo ya mwambo wopereka madigiri, kapena chikumbutso cha zaka zimene sukulu yakwanitsa, ndimalandira funso limodzimodzi kuchokera kwa ophunzira ndiponso kwa ena amene anamaliza maphunziro kalekale. Amati akufuna kuyambitsa bungwe losunga mbiri ya yunivesite yawo, ndiye ayambire pati? Ndayankha pakamwa kambirimbiri, ndipo nthawi iliyonse ndimaiwalapo china chofunika, choncho ndaganiza zolemba yankho lonse kamodzi. Zitsanzo zanga zichokera ku Yunivesite ya Malawi chifukwa ndiyo mbiri imene ndikuidziwa bwino, koma wa ku Mzuzu, ku Bunda kapena ku Thyolo angathe kutsata njira yomweyi.

Musanawerenge ndondomekoyi, sungani mfundo imodzi m'mutu. Bungwe la ophunzira limasintha anthu ake onse pa zaka zinayi zokha, pamene zinthu zimene mudzasonkhanitse zikuyenera kukhalapo ngakhale adzukulu anu akadzafika pasukulupo. Chilichonse chimene ndalemba m'munsimu chikuchokera pa vuto limeneli.

1. Yambani ndi kulemba mndandanda wa zaka ndi malo.

Musanapemphe munthu chithunzi ngakhale chimodzi, khalani pansi m'laibulale ndi kulemba patsamba limodzi zaka zikuluzikulu za sukulu yanu. Za Yunivesite ya Malawi zikuyenda motere. Inakhazikitsidwa mu 1964, chaka chimene dziko linalandira ufulu wodzilamulira, ndipo maphunziro anayamba mu Seputembala 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre ndi ophunzira 90, mkulu woyendetsa sukulu woyamba ali Dr Ian Michael. Pofika 1967 inali ndi makoleji asanu: Chancellor College ku Chichiri, Polytechnic, Bunda, koleji ya zauphunzitsi ya Soche Hill, ndi sukulu ya za kayendetsedwe ka ntchito za boma ku Mpemba. Mu 1973 Chichiri, Soche Hill ndi Mpemba zinaphatikizidwa n'kusamukira ku Chirunga ku Zomba. Kamuzu College of Nursing inabwera mu 1979, College of Medicine mu 1991. Bunda inachoka mu 2012 n'kukhala maziko a yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, ndipo mu 2021 zotsalazo zinagawidwa patatu kukhala UNIMA (Chancellor College yakale), MUBAS (Polytechnic yakale) ndi KUHeS (makoleji a zaunamwino ndi zaudokotala aja).

Mndandanda umenewu si wokongoletsera khoma. Gogo wina akakuuzani kuti anali pa Chancellor College mu 1969, dziwani kuti akukamba za Blantyre, ndipo mukayamba kuwafunsa za Great Hall kapena za msika wa Zomba adzazindikira msanga kuti simunakonzekere. Mndandandawu ukuuzaninso kumene zolembedwa zinamwazikira. Wophunzira wa MUBAS amene akufufuza mbiri ya Poly adzafunikabe kupita ku Zomba, chifukwa likulu la yunivesite yonse linali kumeneko kwa zaka zambiri pa nthawi imene makoleji onse anali pansi pa ulamuliro umodzi.

2. Lembetsani bungwe ndipo lembani malamulo ake.

Pitani kwa mkulu woona za ophunzira ndi ku bungwe la ophunzira kuti mumve zofunika polembetsa, ndipo pezani mphunzitsi wokhazikika woti akhale mlangizi wanu, makamaka wa ku dipatimenti ya mbiri yakale. M'komiti musadzaze a chaka chomaliza okhaokha. Mlembi kapena wachiwiri wake akhale wa chaka chachiwiri. Lolaninso ogwira ntchito pasukulu ndi amene anamaliza kale kukhala mamembala. M'malamulo anu mukhale ndime yonena momveka bwino kuti palibe chinthu chosonkhanitsidwa m'dzina la bungwe chimene chili cha membala aliyense, ndiponso kuti bungwe likadzatha zonse zidzakhala m'manja mwa laibulale.

3. Gwirizanani ndi woyang'anira laibulale musanalandire chinthu chilichonse.

Pano ndi pamene mabungwe ambiri amalakwitsa. Amalengeza pa Facebook kuti aliyense amene ali ndi zithunzi zakale abweretse, anthu n'kubweretsadi, ndipo katoni yonse imakagona kunsi kwa bedi la wapampando ku hositelo. Wapampandoyo akamaliza maphunziro amanyamula katoniyo kupita nayo kwawo ndi mtima wabwino ndithu, poganiza kuti adzaibweza, ndipo nkhani imathera pomwepo. Choncho pitani kwa woyang'anira laibulale, mupemphe kabati yokiya kapena mashelefu angapo m'chigawo chosungira mabuku ndi zolembedwa za Malawi, ndipo mgwirizano wanu ulembedwe ndi kusainidwa: ndani asunge kiyi, ndani aloledwe kuwerenga, ndipo zinthu zizilowa motani.

Pemphaninso uphungu ku National Archives of Malawi ku Zomba, kumene kuli anthu amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi yomweyi, komanso ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre. Kumeneko mukaphunzira chifukwa chake chinthu chofunika sichisungidwa malo amodzi okha. Mu 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba ndipo zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda zinapsa. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inanyeka usiku umodzi. Amene anaona phulusa la mabuku amenewo safunika kuwafotokozera zambiri.

4. Sankhani zoti musonkhanitse, ndipo chilichonse chilowe m'kaundula tsiku lomwelo.

Mafailo a ophunzira, zotsatira za mayeso ndi makalata a ntchito a aphunzitsi si zanu. Zimenezo ndi za ofesi ya Registrar ndipo zili ndi malamulo ake achinsinsi. Inu funafunani zimene maofesi sasunga: zithunzi za m'nyumba za anthu, timabuku ta ndondomeko ya mwambo wa madigiri, magazini ndi nyuzipepala za ophunzira, mapepala otayipidwa a gulu la alembi la Writers' Group limene linayamba mu 1970, zikwangwani zoitanira anthu ku masewero a Travelling Theatre, maminitsi a bungwe la ophunzira, makadi olandirira chakudya ku kafeteriya, ngakhale makaseti a kwaya. Musaiwale za lero. Chidziwitso chotseka sukulu chimene chikuzungulira pa WhatsApp sabata ino chidzakhala chovuta kuchipeza pakatha zaka khumi kuposa kalata yotayipidwa mu 1975.

Kaundula ndi buku lachikuto cholimba limene chinthu chilichonse chimalembedwamo pa mzere wakewake: nambala yake, tsiku limene chalowa, dzina la wopereka, chimene chili, chaka ndi malo ake, ndiponso ngati chaperekedwa kotheratu kapena mwangobwereka kuti mujambule n'kubweza. Nambala ikhale yosavuta, monga chaka, nambala ya wopereka ndi nambala ya chinthucho. Woperekayo asaine fomu yosonyeza zimene mwagwirizana, ndipo atenge kope lake. Ngati ndi chithunzi, musachoke pakhomo pake asanakuuzeni mayina a anthu amene ali pachithunzipo, kuyambira kumanzere kupita kumanja. Ndinaonapo katoni yodzaza zithunzi zokongola kunyumba kwa mayi wina wamasiye, amuna awo ataphunzitsa zaka zambiri, koma panalibe ndi mmodzi yemwe pabanjapo amene akanatchula dzina la munthu kapena chaka, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti tinachedwa ndi miyezi yochepa chabe.

Cholakwika china ndi kusakaniza. Mukalandira mapepala a munthu mmodzi, asiyeni pamodzi ndiponso mu dongosolo limene mwiniwake anawasungira. Musawagawe kuti zamasewera uku, zandale uko, chifukwa kudziwa kuti pepala linachokera m'manja mwa yani ndi mbali ya umboni wake.

5. Chezani ndi anthu, kuyambira okalamba kwambiri.

Amene analowa ku Chichiri mu 1965 tsopano ali ndi zaka za m'ma 80, choncho mndandanda wa oti muwachezere uyambe ndi iwo, osati ndi anthu otchuka. Ndipo musamangoganiza za mapulofesa. Wophika amene anagwira ntchito ku kafeteriya zaka makumi atatu, dalaivala wa basi ya koleji, mlembi amene ankatayipa mayeso, mlonda wa pageti, mayi wa ku Chikanda, pafupi ndi koleji ku Zomba, amene wakhala akusunga ophunzira m'nyumba zake za lendi, onsewa anaona mbali ya yunivesite imene simudzaipeza m'lipoti lililonse la pachaka.

Munthu wamkulu sapemphedwa nkhani za moyo wake pa uthenga wa pafoni. Pezani wina amene amamudziwa kuti akuperekezeni kapena akutumizireni mawu, mupite kukadziwana naye ulendo woyamba opanda chojambulira, ndipo mupangane tsiku lina. Pa tsikulo pitani awiri, wina wofunsa, wina woyang'anira chojambulira ndi kulemba mayina. Foni yabwino ndi yokwanira, bola muitseke kuti isalandire mafoni, muiike pafupi ndi wolankhulayo, ndipo mukhale kutali ndi wailesi ndi msewu. Yambani ndi kutchula tsiku, malo, ndi mayina a onse amene alipo. Aloleni alankhule chilankhulo chimene akumasuka nacho, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chingerezi, ndipo akamasakaniza musawakonze.

Mafunso akhale otsegula nkhani: munamva bwanji kuti mwasankhidwa, munayenda bwanji kuchoka kumudzi, munagona chipinda chimodzi ndi yani, munkadya chiyani. Funsaninso za mawu a pasukulu. Lero wophunzira wa chaka choyamba amatchedwa yearo, amene anayamba kale ndi conti, ndipo kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera mayeso ndi kuwidedwa, koma m'badwo uliwonse unali ndi mawu akeake, ndipo mawuwo amanyamula mbiri ya mmene ophunzira ankakhalirana. Wolankhulayo akakhala chete musathamangire kufunsa china. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

6. Konzekerani nkhani zowawa, ndipo gwirizanani zochita nazo zisanafike.

Malangizo ambiri amalumpha gawo ili, koma ndilo limene lingathe kumanga kapena kupha bungwe lanu. Mbiri ya yunivesite yathu inadutsa mu ulamuliro wa chipani chimodzi. M'zaka za m'ma 1970 ena mwa aphunzitsi ndi akuluakulu a yunivesite anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Jack Mapanje, amene anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anamangidwa mu Seputembala 1987 n'kukhala ku ndende ya Mikuyu, pafupi ndi Zomba pomwepo, mpaka 1991. Mu Malichi 1992 ophunzira anachita zionetsero zogwirizana ndi kalata ya maepiskopi a Katolika ndipo koleji inatsekedwa. Mu 2011 maphunziro anaima miyezi yambiri pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi m'kalasi, apolisi atafunsa mphunzitsi wina za zimene anaphunzitsa. Onjezanipo nkhani ya kota, yosankha ophunzira potengera boma limene akuchokera, imene mpaka lero imautsa mkwiyo m'mabanja ambiri. Mukacheza ndi anthu khumi a nthawi zimenezo, mmodzi adzakuuzani, mwina motsitsa mawu, kuti uje ndi amene ankapereka anzake kwa apolisi achinsinsi. Ujeniyo mwina ali moyo, mwina ana ake akuphunzira nanu kalasi imodzi. Muchita chiyani?

Choyamba, chilolezo chipemphedwe kawiri. Musanayambe kujambula fotokozani, m'chilankhulo cha wolankhulayo, kuti mawu ake akasungidwa kuti ndipo ndani angadzawamve. Mukamaliza funsaninso, chifukwa munthu amavomera asanadziwe zimene pakamwa pake padzatuluke. Fomu yanu ikhale ndi njira zitatu zoti asankhepo: kuti zonse zikhale zotseguka kwa aliyense, kuti zitsekedwe mpaka chaka chimene iye atchule kapena mpaka atamwalira, kapena kuti zigwiritsidwe ntchito popanda dzina lake. Amene sangathe kuwerenga muwerengereni, ndipo kuvomera kwake kujambulidwe m'mawu pamaso pa mboni. Dziwani kuti kubisa dzina kokha nthawi zina sikukwanira, pakuti ngati munthu anali mkazi yekhayo m'kalasi ya chaka chakutichakuti, aliyense wa nthawiyo adzamuzindikira.

Chachiwiri, wina akatchulidwa dzina pa mlandu woopsa, musadule wolankhulayo, musatsutsane naye, ndiponso musamuthandize kuneneza. Mufunseni modekha funso limodzi lofunika kwambiri: kodi zimenezi munaziona nokha, kapena munamva kwa ena, ndipo munamva kwa yani? Nthawi ya mantha inabala mphekesera zambiri, ndipo alipo anthu amene anakayikiridwa moyo wawo wonse popanda umboni, monganso alipo ena amene anachitadi zoipa n'kumayenda mwaulemu. Inu ophunzira a lero simungathe kuweruza mlandu wotere ndi umboni wa munthu mmodzi, ndipo si ntchito yanu.

Chachitatu, musafufute ndipo musafalitse. Izi ziwiri ndi zimene mtima umathamangira. Wina m'komiti adzati tichotse gawo limenelo kuti tisalowe m'mavuto, wina adzati tiliike pa intaneti dziko lidziwe. Onse awiri akulakwitsa. Sungani kope lathunthu, losasinthidwa, lotsekedwa m'manja mwa woyang'anira laibulale, ndi chaka chodzalitsegulira cholembedwa pa envulopu ndi m'kaundula. Kenaka konzani kope lachiwiri la anthu onse, mmene dzinalo lachotsedwa, ndipo pamalo pamene mwachotsa lembani poyera kuti apa pachotsedwa dzina, kuti wofufuza wam'tsogolo adziwe kuti pali china chimene chikusungidwa. Kope lotsekedwalo lisatsale m'foni ya membala aliyense. Musanasindikize chilichonse chokhudza mbiri ya munthu wamoyo, pemphani mphunzitsi wa zamalamulo kuti achione, chifukwa mlandu woipitsa dzina la munthu ungagwere inu eni ndi wolankhulayo pamodzi.

Chachinayi, mboni ziwiri zikasemphana, sungani mawu a onse awiri monga analankhulira. Wophunzira amene anaguba nawo mu 1992 ndi mkulu amene anasaina chidziwitso chotseka koleji adzafotokoza tsiku limodzi mosiyana, ndipo kusiyanako ndi mbiri kale. Yesetsani kufikira mbali zonse, kuphatikizapo amene sakukondedwa. Mukangomva za mbali imodzi, ena adzati bungwe lanu ndi la chipani, ndipo zitseko zidzayamba kutsekeka.

Palinso nkhani za amayi amene anavutitsidwa ndi aphunzitsi kapena ophunzira anzawo, zimene ambiri sanauzepo munthu. Mayi wotere apatsidwe mwayi wosankha kucheza ndi mkazi mnzake, pamalo amene iye wasankha. Munthu akayamba kulira, imitsani chojambulira, khalani naye, ndipo muyambirenso pokhapokha iye atanena. Patapita masiku angapo muimbireni kapena mupiteko kukamuona, osati kukafunsa zina, koma chifukwa mwatukula zinthu zimene zinagona zaka zambiri ndipo si bwino kumusiya nazo yekha. Mukalemba mawu ake papepala, mubwezereni awerenge kapena mumuwerengere, ndipo ngati asintha maganizo pa za chilolezo, mverani.

Pomaliza pa gawo ili, yembekezerani kuti nthawi ya chikondwerero wina adzakupemphani mbiri yokoma yokhayokha. Thandizani nawo chikondwererocho ndi mtima wonse, popeza zonyaditsa zilipo zambiri ndipo n'zoona, koma musalole kuti chinthu chichotsedwe m'kaundula chifukwa chakuti sichikukondweretsa munthu waudindo. Ichi n'chifukwa chake mlangizi wanu ndi woyang'anira laibulale ayenera kusaina nawo ndondomeko ya nkhani zotsekedwa kuyambira pachiyambi, kuti wophunzira wa zaka 20 asadzaime yekha pamaso pa akuluakulu.

7. Tetezani mapepala ndi mafailo a pakompyuta.

Adani a pepala kwathu kuno ndi chinyezi, chiswe, mphemvu, makoswe ndi dzuwa. Makatoni asagunde pansi kapena khoma, ndipo muziwatsegula nyengo ya mvula kuona ngati mapepala sakuchita chuku. Chotsani timawaya tomangira mapepala chifukwa timachita dzimbiri. Musamate selotepi pa pepala long'ambika, musalembe ndi bolopeni kuseri kwa chithunzi koma ndi pensulo yofewa, ndipo musamatire pulasitiki yotenthetsa pa chikalata chakale, ngakhale anthu ambiri amaganiza kuti kutero n'kuchiteteza, chifukwa pulasitikiyo sichokanso.

Pojambula ndi scanner, mapepala olembedwa ajambulidwe pa 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chojambulidwa) ndipo zithunzi pa 600 dpi, n'kusungidwa m'failo ya mtundu wa TIFF; mawu asungidwe m'failo ya mtundu wa WAV ngati chojambulira chanu chikulola. Dzina la failo likhale nambala ya m'kaundula. Musatumizirane zithunzi za kusunga kudzera pa WhatsApp mwa njira wamba, chifukwa imazichepetsa. Failo iliyonse ikhale ndi makope atatu, pa zipangizo zosiyana, ndipo limodzi likhale kunja kwa sukulu. Fulashi ya m'thumba si malo osungira mbiri.

8. Onetsani ntchito yanu, ndipo perekani udindo mwadongosolo.

Kamodzi pa chaka konzani chionetsero chaching'ono m'laibulale, pogwiritsa ntchito makope osati zinthu zenizenizo, ndipo itanani onse amene anapereka kanthu, kuphatikizapo wophika ndi mlonda uja. Pamenepo ndi pamene ena amakumbukira kuti nawonso ali ndi envulopu m'sutikesi. Mukasindikiza kabuku, kumbukirani kuti lamulo limafuna kuti kope liperekedwe ku National Archives.

Chisankho cha komiti yatsopano chichitike semesita yoyamba, osati sabata ya mayeso omaliza, kuti akale ndi atsopano agwire ntchito limodzi miyezi ingapo. Tsiku lopatsana udindo, makomiti onse awiri akumane m'laibulale pamaso pa mlangizi ndi woyang'anira laibulale, atsegule kaundula, ndipo awerenge zinthu chimodzichimodzi kuona ngati chilichonse cholembedwa chilipo. Manambala achinsinsi a imelo ndi a malo osungira mafailo pa intaneti asinthidwe tsiku lomwelo, ndipo kope lake lisungidwe mu envulopu yomata kwa woyang'anira laibulale. Zobwereka zonse zibwezedwe kwa eni ake komiti yakale isanachoke. Mlembi wotuluka asiye mndandanda wa okalamba amene analonjezedwa ulendo koma sanafikiridwe, ndi dzina la munthu amene angaperekeze komiti yatsopano kwa aliyense wa iwo, ndipo onse anayi, wapampando wakale, watsopano, mlangizi ndi woyang'anira laibulale, asaine patsamba lomaliza lolembedwa la kaundula ndi kuikapo tsiku.